Mano a Dorel

Gutuieni, Moldova
Lachitatu, 15 Seputembala 2004

Mng'ono wanga Zinovia,

Landira moni wa kuno kumudzi. Ife tilipo, matenda ake ndi omwe aja: alamu ako a Ilarion msana, ine mawondo. Ndikhulupirira kuti iwenso ulipo ku Italy kwakoko, ndipo gogo umasamalayo sakukuzunza kwambiri. Katundu uja a Gavril a minibasi anafikitsa, khofi, mafuta ophikira ndi nsapato za Dorel. Nsapatozo n'zazing'ono. Iwe ukugulira mwana uja unamusiya chaka chatha, koma amene ndikulera ine ndi wina, wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi, phazi ngati la malemu bambo ake.

Nkhani ndi iyi: mwana wako wayamba kuluma. Anayambira ine paphewa, ndinangoti ndi mano akuyabwa. Lolemba lapitali waluma Catinca, mwana wa Aglaia, ku sukulu ya mkaka, pamkono, mpaka magazi. Nditapita kukamutenga madzulo ndinapeza Aglaia wandidikira pageti, mkono wa mwanayo ataukweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Inu a Raisa, mukulera mwana kapena galu?"

Ndinati, "Aglaia, ana amalumana. Iwe wemwe unandilumapo kutchalitchi uli pamsana pa mayi ako."

"Ine bambo anga sanafe maso ali chikasu! Arcadie tinamuona tonse m'bokosi muja. Matenda a chiwindi aja amayenda m'magazi, ndipo mwana wakeyu waboola khungu la mwana wanga."

Ndinamuyankha kuti Arcadie, mwamuna wako Zinovia, anaphedwa ndi vinyo wa m'nyumba mwake momwe, zimene mudzi wonse ukudziwa. Koma pakamwa pa Aglaia ukupadziwa. Pofika mawa lake amayi anayi anali atasunga ana awo kunyumba.

Mayi Profira, akulu a pasukulupo, anandiitanira mu ofesi. Akuti Dorel asabwerenso mpaka ndibweretse khadi lake la kusikelo, aone ngati anabayidwa katemera wa chiwindi. Kuchipatala cha m'mudzi muno alibe chilichonse chake, poti anabadwira kumzinda, ku Chișinău muja munkachita lendi. Ndinati basi amuyeze magazi nkhani ithe. Akuti sizitheka popanda siginecha ya mayi ake, ndipo ine sindine kanthu pamapepala, chifukwa unanyamuka mothamanga osandisiyira kalata yondipatsa mphamvu yolera mwanayu.

Ndafunafuna nyumba yonse, khadilo kulibe. Unaliika pati? Sindinakuimbire chifukwa foni ya ku positi ili ndi makutu atatu, langa, lako ndi la mayi wa pakauntala. Uyankhe pa ulendo womwewu wa a Gavril. Ino ndi nyengo ya zipatso, kufakitale ya jamu sakupereka tchuthi, ndipo ndajomba kale masiku awiri.

Ndine mkulu wako,
Raisa

Padova
Lamulungu, 19 Seputembala 2004

Achemwali okondedwa,

Moni kwa inu, kwa alamu, ndi kwa kamwana kanga. Ndikulemba nditatsamira pa minibasi ya a Gavril pabwalo paja timakumana Lamulungu, ndiye mukhululuke zilembo zokhota. Akuti anyamuka pakatha ola.

Kalata yanu ndaiwerenga. Catinca ali bwanji? Ndamuikira chidole chotseka maso ndi mafuta opaka pabala. Bokosi la chokoleti ndi la mayi Profira, muwapatse pa awiri. Mwina akaona ulemu afewa mtima.

Za khadi sindikukumbuka bwino. Tayang'anani kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria pakona paja, kapena m'sutikesi ya Arcadie. Likapanda kupezeka, kodi sangangodikira kuti Aglaia mtima utsike? Ana amalumana tsiku lililonse, monga munanenera.

Nkhaniyi yafika kuno kalata yanu isanafike. Lidia, mkulu wake wa Aglaia uja anandipezera ntchitoyi, wandilandira lero ndi funso: "Zinovia, akuti mwana wako akudya anzake?" Onse anaseka, nanenso ndinaseka. Tinapsompsonana m'masaya monga mwa masiku onse, tinamwera tiyi kapu imodzi ya fulasiki, koma maso ake anali pa ine.

Gogo Bruna alipo. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza, iwo n'kumanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi amabwera Loweruka kudzayendetsa chala pamwamba pa kabati. Munthu waukhondo woopsa, ngakhale buledi amagwira ndi kapepala.

Chonde achemwali, Dorel musamumenye. Sakudziwa chimene akuchita. Kodi mano ali nawo angati tsopano? Ndinasiya asanu ndi limodzi, anayi m'mwamba, awiri m'munsi. Nsapato zina ndidzatumiza mukandijambulira phazi lake papepala.

Mng'ono wanu,
Zinovia

Gutuieni
Lachitatu, 29 Seputembala 2004

Zinovia,

Moni. Tilipo, kungoti kutopa.

Chidole chinabwezedwa tsiku lomwelo, chili m'pulasitiki yake, atachikoleka pampanda wathu. Chokoleti mayi Profira analandira ndi manja awiri, anadya ziwiri ine ndikuona, kenaka anati, "Zikomo a Raisa, koma lamulo si ine. Khadi." Anawonjezera kuti malo a Dorel awasunga mpaka pa 1 Novembala. Likadutsa tsikulo apatsa mwana wina, ndipo odikira alipo asanu ndi awiri.

Kuseri kwa Amayi Maria ndinapezako kangaude ndi lisiti la magetsi. M'sutikesi ya Arcadie muli malaya ake a ukwati basi. Ndakutumula matiresi, ndalowa ndi pansi pa nyumba posungira vinyo. Mawondo angawa sanapangidwire zimenezi.

Kapitawo wa kufakitale wanena kuti ndikajombanso kawiri ndisabwererenso. Ndiye mwanayo ndikumusiyira alamu ako, ndipo alamu ako sabata ino akufinya mphesa. Ukudziwa chimene anachita? Ndinabwera Lachisanu n'kupeza Dorel ali mumbiya ya vinyo yopanda kanthu, kamutu kokha kakuoneka, akuyamwa chikhatho chofiirira. Ndinakuwa. Iwo akuti, "Nanga pamenepo wagwa? Wapsa? Ali pabwino kuposa kwa Profira, mulibe womuluma ndipo mulibe woti amulume."

Loweruka anawaluma iwowo pachala. A Ilarion anati mankhwala ake akuwadziwa, mayi awo ankatero: mwana woluma umamubwezera kuti amve kuwawa kwake. Ndisanawaletse anagwira kamkono n'kukaluma, osati mwamphamvu, komabe mano anadinda. Ndinkayembekeza kulira. Mwana wako anaseka, Zinovia, kuseka kumene sindinakumvepo chichokereni iwe. Anatambasula mkono winawo kuti amulumenso. A Ilarion anachita mantha, anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kutuluka panja.

Ine sindikumumvetsa mwanayu. Sakhala wokwiya akamaluma. Aphunzitsi ake akuti Catinca ndiye mnzake wapamtima, amagawana mabisiketi, ndipo tsiku lija anayamba wamukumbatira kaye.

Mano ndilibe nthawi yowawerenga, ndikungodziwa kuti ndi akuthwa. Takumbuka za khadi. Khala pansi, usiye kaye za zidole, ukumbuke.

Raisa

Gutuieni
Lachitatu, 13 Okutobala 2004

Zinovia,

Moni ndikupatsa chifukwa tinaleredwa choncho.

Maulendo awiri a Gavril abwera ndi katundu wopanda kalata. Sopo, pasitala, kajekete. Ndinapinda kajeketeko mkati ndi kunja kufuna kapepala, ayi ndithu. Ndinawafunsa ngati ukudwala. Akuti, "Zinovia? Ali bwinobwino, wanenepako. Sabata yathayi amandionetsa chithunzi cha mwana, chija amasunga m'kakhadi kachikasu ka kuchipatala."

Kakhadi kachikasu ka kuchipatala.

Ndinangoti zikomo, ndinanyamula sopo wako n'kubwera kunyumba. Ine kukwawa pansi pa nyumba ndi mawondo otupa, iwe khadi lili m'chikwama chako! Unanditumiza kuseri kwa Amayi Maria ukudziwa. Ngakhale Amayi Mariawo sunawaope?

Tandiuza zoona. Kodi wapeza mwamuna kumeneko? Anthu akunena kuti akazi ena akafika uko amauza azungu awo kuti alibe ana. Ngati ndi choncho nena, ndidziwe kuti mwanayu ndi wanga, ndisiye ntchito ndizidya udzu naye limodzi. Dzulo kapitawo wandichotsa pa makina n'kundiika kotsuka mabotolo, kumene amaika anthu amene akufuna kuwatsanzika. Dorel akamva ana akudutsa m'mawa amathamangira kugeti atanyamula nsapato, ndipo ndimachita kumuchotsa zala pachitsulo chimodzichimodzi.

Madzi afika m'khosi. Khadi likapanda kufika pa 1 Novembala, ubwere udzatenge mwana wako. Ndikudziwa kuti ulibe mapepala, ukatuluka m'dzikomo sudzalowanso. Ndikudziwanso kuti denga la nyumba yako silinathe. Koma ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, anga ndinalera kale, ndipo ndatopa.

Raisa

Padova
Lamulungu, 17 Okutobala 2004

Achemwali,

Moni. Kalata iyi muwerengere panokha. Khadi lili m'paketi ya khofi yomatidwa ndi tepi yakuda, pamodzi ndi pepala limene ndasaina lolola kuti Dorel ayezedwe magazi. A Gavril sakudziwa chimene anyamula.

Mwamuna ndilibe. Ndikanakonda likanakhala tchimo limenelo, n'lopepuka.

Mukatsegula khadilo muona kuti katemera wa chiwindi anabayidwa katatu konse, woyamba tsiku lomwe anabadwa. Koma muonanso chidindo chofiira pamwamba, pafupi ndi dzina langa. Chidindocho chikunena za ine. Ndili ndi pakati anandiyeza, anapeza kuti kachilombo ka matenda a chiwindi kali m'magazi mwanga. Sindidwala, mwina sindidzadwala, koma ndili nako. Arcadie vinyo anangomalizitsa, Aglaia sananame. Ndani anapatsira mnzake sitinadziwe, ndipo tinasiya kufunsana. Tinagwirizana kuti mudzi uzinena za vinyo, popeza woledzera anthu amamuseka koma amadya naye.

Adokotala ananena kuti mwana akakwanitsa chaka ndikamuyezetse, tione ngati katemera anagwira. Mwezi umenewo ndi umene tinaika Arcadie m'manda. Sindinapite. Ndinkati bola kusadziwa. Khadi ndinalitenga dala kuti inu musadzalione, ndipo chithunzi ndinaikamo kuti ndikhale ndi chonamizira ndikamalitulutsa.

Mukudziwa mmene nkhani imayendera. Mayi Profira akawerenga Lolemba, Aglaia amva Lachiwiri, Lachitatu aimbira Lidia, Loweruka mwana wa gogo Bruna adzakhala atadziwa kuti amene amadyetsa mayi ake ndi supuni ali ndi chiyani. Masabata anayi ndakhala ndikuyeza ziwirizi, ntchito yanga ndi malo a mwana wanga, ngati kuti pali choyeza. Ndachita manyazi kwambiri.

Za kulumazo musamudabwe mwanayo. Ndine. Simukumbuka mmene amayi ankatichitira, kutigwira kadzanja n'kumati "ndikudya, ndikudya iwe"? Ine ndinkamuchita Dorel m'mawa uliwonse, timanja, timapazi, masaya, iye n'kumaseka mpaka kutsamwa. Tsiku lonyamuka ndinamuluma kachikhatho pageti panu paja kuti asalire. Chimenecho ndicho chomaliza chimene akudziwa cha mayi ake. Akakonda munthu amatero, kungoti palibe anamuuza kuti mano anakula.

Ndipo chimene chikundidya ndi chomwecho. Pakamwa pangapa, podziwa zimene ndinkadziwa, ndinkaika pathupi pa mwana wanga. Sindinamuboolepo khungu, ndikulumbira. Komabe mukapite naye, mukamve, mundiuze zilizonse zimene zituluke. Musandibisire monga ndinakubisirani ine.

Mng'ono wanu,
Zinovia

Gutuieni
Lachitatu, 3 Novembala 2004

Mng'ono wanga,

Moni. Ndiyambe ndi chimene ukufuna: Dorel kachilomboko alibe. Magazi ake ndi oyera, katemera anagwira. Khala pansi upume kaye, zinazo uwerenge bwino.

Chitsiru iwe. Chaka chathunthu ndi katundu ameneyu wekha, ngati ulibe mkulu wako. Nanenso ndisadziyeretse: nditawerenga kalata yako ndinatenga kapu yako ya maluwa ija n'kuiwiritsa, kapu imene sunamwere chichokereni. Madzi akubwata ndinadziona uchitsiru wanga, ndinakhala pampando n'kulira. Za mwamuna zija undikhululukire.

Tinapita kuboma pa basi ya m'mawa. Dokotala wake ndi mayi wachikulire wosuta fodya, wosaseka. Anawerenga khadi, anawerenga pepala lako, anati tiyezedwe tonse a m'nyumba. A Ilarion anakomoka ataona singano, munthu wopha nkhumba yekha. Ifenso tilibe. Ndinamufunsa za Catinca. Anati, "Mayi, matendawa sayenda pa kapu kapena pa kupsompsona tsaya. Kulumana kwa ana n'kawirikawiri, kupatsirana motero n'kwapatalipatali, ndipo awiriwa onse anabayidwa. Bala mukanangolitsuka ndi sopo n'kubwera kudzafunsa, osati kuchita msonkhano pageti." Anatinso ndikuuze kuti iweyo uzikayezetsa chiwindi chaka chilichonse, usadikire maso achikasu. Ndinamupempha kuti zonsezi alembe, analemba, anadinda.

Tsopano zoipa. Ndinkafuna kuwapatsa mayi Profira kalata ya dokotala yokha. Anakana, akuti buku lawo limafuna masiku a katemera kuchokera pakhadi lenilenilo. Ndinalitsegula patebulo chala changa chachikulu chili pachidindo. Anakopera tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenaka anati, "A Raisa, tachotsani chalacho, ndione nambala." Ndinati nambala ndiwerenga ndine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinachotsa.

Mayi Profira mwina sakanauza munthu. Koma chitseko chinali chotsegula, ndipo wokolopa pakhonde ndi msuweni wa mwamuna wa Aglaia. Dzulo ndinamuona Aglaia akulowa ku positi atavala mpango wake wa kutchalitchi. Ndinamudikira panja.

"Mwana wako ali bwino, Aglaia. Kalata ya dokotala nayi. Ukufunanso chiyani?"

"Ine ndikungochenjeza mkulu wanga. Amamwera kapu imodzi."

"Werenga apa, za kapu zalembedwa."

"Madokotala amalemba, koma oika maliro ndife."

Ndinalephera, Zinovia. Konzeka.

Dorel anabwerera Lolemba, pa 1 penipeni. Catinca anamuthamangira, aphunzitsi n'kulowa pakati ngati apolisi. Ndinawafotokozera zimene unandiuza. Tagwirizana kuti azivala supuni yamtengo pachingwe chomangirira kumalaya, akafuna kuluma azimupatsa imeneyo. Yoyamba waimaliza kale kunyumba masabata awiriwa, ndiye ndakuikira m'katundumu pamodzi ndi tchizi cha nkhosa ndi pepala la phazi. Unandifunsa za mano. Werenga wekha, ena ali kumbuyo safika pasupuni.

Kufakitale ndikadali kotsuka mabotolo. Manja asuwa, koma ntchito ilipo.

Mkulu wako,
Raisa

Padova
Lamulungu, 14 Novembala 2004

Achemwali anga,

Moni kwa inu ndi alamu okomoka aja. Muwauze kuti ndaseka, koyamba mwezi uno.

Kalata yanu ndinaiwerengera pabwalo pomwepo Lamulungu lapitalo. Mzere woyamba ndinaubwereza kasanu, ndinakhala pa thumba la anyezi la munthu wina. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti anzanga aima patali pang'ono. Palibe anandinyoza. Lidia anandipatsa moni wa dzanja, tsaya ayi. Tiyi anandithirira m'kapu yapulasitiki imene anabwera nayo dala, ndipo nditamwa anandionetsa bini la zinyalala loti nditayemo kapuyo.

Loweruka lake, dzulo, mwana wa gogo Bruna anabwera ndi envelopu. Anayankhula mwaulemu kwambiri, anati si nkhani ya ine, ndi nkhani ya mayi ake ofooka. Ndinamuonetsa kalata ya dokotala imene munatumiza, koma ili m'chinenero chathu, ndipo anaigwira ndi kapepala. Miyezi khumi ndi isanu ndawasambitsa mayi akewo, alibe ndi chilonda chimodzi cha pabedi. Pochoka gogoyo anandigwira dzanja n'kunditchula dzina la mng'ono wawo uja, akuti ndisachedwe kumsika. M'malo mwanga mwalowa mwana wa mlamu wake wa Lidia, amene anafika mwezi watha.

Musade nkhawa. Masisitere ali ndi chipinda cha akazi osowa pokhala, andilola masabata atatu. Mayi wina wa ku Ukraine akuti kuli ntchito yokolopa masitepe m'nyumba zosanja, kumene palibe amafunsa za magazi a munthu. Malipiro ndi theka. Katundu achepa, denga lidikira. Kubwera sindibwera, ndikabwera ndiye kuti zonsezi zapita pachabe. Kuchipatala ndipita, masisitere akudziwa kumene salira mapepala. Ndatopa, achemwali, koma kutopa kwake n'kwina. Chinthu chija ndinkachinyamula pachifuwa chatsika.

Supuni ndili nayo m'thumba la jekete. Ndawerenga ndi chikhadabo, mbali zonse ziwiri, ndapeza khumi ndi awiri. Ndinasiya asanu ndi limodzi. Enawo anamera ine ndikutembenuza mayi wa eni ake. Pali limodzi la m'munsi lopendekeka ngati la Arcadie, mwaliona?

Ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo mayi Profira asamve. Supuni ndi yabwino, azipita nayo kusukulu. Koma mwana sangamakumbatire mtengo. Inu magazi anu ayezedwa, ndi oyera. M'mawa wina mukamamuveka nsapato, chitseko chili chotseka, mumugwire kadzanja ka kumanzere, mukalume pang'ono pachikhatho, osadinda. Muziti "ndikudya, ndikudya iwe." Akaseka, mumuuze kuti zimenezo atumiza ndi amayi ake.

Mng'ono wanu,
Zinovia